Masiku Amene Nagasaki Amasunga

Dzuwa likamatuluka pa 7 Okutobala, masitepe 73 amiyala okwerera ku kachisi wa Suwa mumzinda wa Nagasaki amakhala atadzaza kale, anthu atapanikizana ngati nthochi paphava. Onse maso ali pakabwalo kamiyala kamene kali m'munsi mwa masitepewo. Chaka chikakhala cha anthu a m'dera la Kabashima-machi, m'bwalomo mumalowa chinthu chonga kanyumba, chomangidwa pa mitengo italiitali, denga lake mapilo asanu akuluakulu amitundumitundu osanjikizana. M'katimo muli tianyamata tinayi, nsalu zofiira kumutu, tikuimba ng'oma. Amuna 36 achisenza pamapewa, ndipo kulemera kwake n'kwa pafupifupi tani yathunthu. Amathamanga nacho, n'kuzungulira nacho, kenaka amanyonyomala pang'ono, n'kukuwa onse pamodzi kuti "Kokkodesho!" Basi chinthu chija n'kuchiponya m'mwamba. Chili m'malere amawomba m'manja kamodzi, phwa! n'kuchiwakha aliyense ndi dzanja limodzi. Ana aja ng'oma osaphonya.

Akati azituluka, khamu la pamasitepe limakana. "Mottekoi! Mottekoi!" Ndiko kunena kuti bwerani nachoni, tichionenso. Amunawo, thukuta lili kamukamu, amabwerera, n'kuvula malaya awo akunja, kuwaponya m'mwamba, n'kuyambiranso. Kubwerera sangakane, pakuti masiku ovina a chakacho akatha adzalowanso m'bwalomo patapita zaka zisanu ndi ziwiri. Kamnyamata ka pang'oma kadzakhala katakula, ndipo ena mwa osenza mapewa adzakhala atawakana.

Chikondwerero chimenechi dzina lake ndi Kunchi, ndipo chimatenga masiku atatu. Woona chimwemwe chake sangaganize kuti chinabadwira m'mantha.

Nagasaki ali kumadzulo kwa chilumba cha Kyushu. Nyanja yamchere inalowa kumtunda ngati mkono wautali, mapiri n'kuizinga, moti nyumba zinachita kukwerana m'zitunda, ndipo makomo ambiri amafikika ndi masitepe okha. Kale panali timidzi ta asodzi basi. Mu 1571 zombo za Apwitikizi zinayamba kukocheza padokoli ndi chilolezo cha mfumu ya deralo, Omura Sumitada, amene anali atabatizidwa. Mu 1580 mfumuyo inapereka dokolo m'manja mwa ansembe a chipani cha Yesu. Zaka zochepa zokha, pamene panali makoka oyanika panaima matchalitchi, ndipo pafupifupi munthu aliyense mumzindamo anali Mkhristu. Zombozo zinkachokera ku Macau, koma njira ya Apwitikizi yochokera ku Lisbon kupita ku Goa inkadzera pa chilumba cha Mozambique, ndipo pa zithunzi zimene Ajapani ankajambula nthawi imeneyo pakuoneka anthu akuda pakati pa amalinyero ndi onyamula katundu. Mmodzi wa anthu otere, amene Ajapani anamutcha Yasuke, anafika mu 1579 ndi wansembe Alessandro Valignano, ndipo buku lina lakale la ansembewo limati kwawo kunali ku Mozambique. Ndikaona zithunzizo ndimaima kaye pa nkhope zimenezo.

Olamulira Japan sanachedwe kuchita mantha ndi kufala kwa Chikhristuko. Pa 5 Febuluwale 1597, Akhristu 26 anapachikidwa pa mitanda pa chitunda cha Nishizaka, moyang'anana ndi doko. Ambiri mwa iwo anawagwira ku Kyoto ndi ku Osaka, n'kuwayendetsa pafupifupi mwezi wathunthu m'chisanu. Wamng'ono pa onse, Louis Ibaraki, anali wa zaka 12. Mpaka lero, kumayambiriro kwa Febuluwale, Akatolika amakwera pachitundapo kukachita Misa panja, mphepo yozizira ya kunyanja ikuwawomba. Mu 1614 Chikhristu chinaletsedwa m'dziko lonse, matchalitchi a ku Nagasaki anagwetsedwa, ndipo pa mabwinja ena panamangidwa akachisi.

Ndiye panafika chaka cha 1634, chimene wofuna kumvetsa mzindawu ayenera kuchigwira bwino. Chaka chimenecho anayamba kuthira miyala ndi dothi m'nyanja kuti apange kachilumba ka Dejima kotsekeramo Azungu. Chaka chomwecho mmonke wachitchaina wa pa kachisi wa Kofukuji anamanga mlatho wamiyala wa Meganebashi, umene makomo ake awiri akaonekera m'madzi amakhala ngati magalasi a m'maso. Ndipo chaka chomwechonso akazi awiri a m'nyumba zosangalatsa amuna, Takao ndi Otowa, anavina pamaso pa milungu ya ku Suwa. Kunchi anayambira pamenepo. Boma linaima kumbuyo kwa mwambowu, madera a mumzinda n'kulamulidwa kutengapo mbali. Cholinga sichinali chobisika: munthu wokana kusenza milungu ya Shinto wadziulula yekha. Ngakhale mwambo wokoma wa pa 3 Okutobala madzulo, pamene eni nyumba ndi masitolo amatsegula zitseko n'kuyala zovala za ovina ndi mphatso kuti odutsa aone, amati unayamba ngati njira yosonyezera kuti m'nyumbamo simunabisidwe mtanda.

Panalinso mwambo wina wa chaka ndi chaka umene lero palibe amaulakalaka. M'masiku oyamba a chaka chatsopano, akuluakulu a dera ankayenda khomo ndi khomo atanyamula kachitsulo kokhala ndi chithunzi cha Yesu kapena cha Maria. Aliyense ankayenera kupondapo: agogo, makanda, ndi odwala omwe, amene ankachita kuwagunditsa kachitsuloko kuphazi ali chigonere. Mwambowu, wotchedwa fumie, unakhazikika mpaka kusanduka chizindikiro cha nyengo, moti tsiku limene akazi a m'nyumba zosangalatsa amuna za ku Maruyama ankaponda, atavala zovala zawo zokongola, anthu ankakhamukirako kukaonerera. Unatha m'zaka za m'ma 1850.

Koma kuseri kwa phiri, m'chigwa cha Urakami ndi m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kunali kalendala ina. Alimi amene ankaponda chithunzicho masana ankalapa usiku. Analibe wansembe, analibe tchalitchi. Chimene anagwiritsitsa chinali masiku. M'mudzi munkakhala mkulu wotchedwa chokata, ntchito yake kuwerenga masiku n'kudziwa kuti Khirisimasi igwa liti, kusala kuyamba liti, tsiku loti khasu lisagwiridwe ndi liti. Wina, mizukata, ankabatiza ana. Wachitatu ankanong'oneza uthengawo nyumba ndi nyumba. Kalendala imene ankatsatira inatengedwa pa masiku a mpingo a chaka cha 1634, chaka chomwe chija cha gule wa ku Suwa. Anaisunga zaka zoposa 200. Pa 17 Malichi 1865 kagulu ka anthu a ku Urakami kanalowa m'tchalitchi chatsopano cha Oura, chimene chinamangidwira Azungu, ndipo mayi wina anayandikira wansembe wachifalansa, Bernard Petitjean, n'kumunong'oneza kuti mtima wawo ndi umodzi ndi wake. Anafunsa kumene kunali chifanizo cha Maria. Anamuuzanso kuti tsikulo linali la 17 m'nyengo yachisoni. Inalidi Lenti. Pa zonse za mbiri ya Nagasaki, ichi ndicho chimandigwira mtima kwambiri: mibadwo isanu ndi iwiri ya anthu osauka, opanda wowaphunzitsa, osataya chiwerengero cha masiku.

Kuulula kuja anakulipira. Kuyambira mu 1867 anthu a ku Urakami anayamba kugwidwa, oposa 3,000 anathamangitsidwira kumadera akutali, ndipo oposa 600 anafera komweko. Otsala anabwerera mu 1873. Atapezako mphamvu anagula malo a nyumba ya mfumu ya mudzi, pomwe makolo awo ankapondera chithunzi chija, n'kumangapo tchalitchi chachikulu cha njerwa zofiira, ntchito imene inayamba mu 1895 n'kutha mu 1925.

Nanga Kunchi? Gule amene anakhazikitsidwa kuti achotse fungo la alendo anadzadzaza ndi alendo okhaokha. Apwitikizi atathamangitsidwa mu 1639, Adatchi anaikidwa pa Dejima mu 1641, ndipo mu 1689 Atchaina anawamangira mpanda wawo. Kwa zaka zoposa 200, Mzungu wofuna malonda ndi Japan analibe khomo lina koma ili, shuga ndi silika n'kumalowera pano, ndalama n'kumagwa m'manja mwa anthu a mumzindawu. Madera 77 anagawidwa m'magulu asanu ndi awiri kuti lililonse lizivina kamodzi pa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo pokhala ndi zaka zonsezo zosonkhera ndalama, dera lililonse linkafuna kuposa linzake. Poti akatenge kuti zodabwitsa? Anangoyang'ana padoko. Anthu a ku Kago-machi, oyandikana ndi mpanda wa Atchaina, anaphunzira kwa anansi awowo gule wa chinjoka, chotalika mamita 20, chimene amuna khumi amachinyamula pa ndodo chikuthamangitsa mpira wagolide, malipenga akulira ngati chilombo. A ku Yorozuya-machi amakoka namgumi wakuda wopopa madzi m'mwamba mpaka oonerera kunyowa. A ku Doza-machi amabwera ndi chombo cha Apwitikizi, a ku Dejima-machi ndi cha Adatchi, n'kumazizunguza pamiyala mawilo akulira kwiii. Kokkodesho nayenso amati anachokera kwa amalinyero a ku Sakai amene ankagona m'nyumba za alendo za ku Kabashima-machi. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kuno analandira kalumoko, n'kukavinira pamaso pa milungu imene inaikidwa kuti itchinge alendo.

Patsogolo pa dera lililonse pamayenda kasaboko, chiambulera chachikulu chokhala ndi zokongoletsa pamwamba ndi nsalu yolendewera mpaka pansi, cholemera makilogalamu oposa 100, ndipo amachinyamula ndi munthu mmodzi amene saona kumene akupita. Amangotsatira kambendera ka womutsogolera. Akatha kuvina ku Suwa, ovina amayenda mumzinda monse, sitolo ndi sitolo, khomo ndi khomo, kuvina pang'ono pakhomo lililonse, eni nyumba n'kudzapereka mphatso imene amaitcha duwa. Lero madera ovina ndi oposa 50, ndipo ena akuvutika kupeza achinyamata chifukwa mabanja akusamuka pakati pa mzinda. Mu 1979 boma linalemba magulewa m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko. Mliri wa korona unawaimitsa zaka zitatu, n'kudzayambiranso mu 2023, ndipo madera amene inali nthawi yawo anadikira zaka khumi.

Zikondwerero zina za mumzindawu nazonso zinatsika m'zombo. M'nyengo yachisanu, pa chaka chatsopano cha Atchaina, nyali zamapepala pafupifupi 15,000 zimayaka masiku pafupifupi 15, zofiira m'dera la Shinchi, zachikasu pamwamba pa mtsinje wa Nakashima pafupi ndi mlatho wa magalasi uja. Ichi n'chaching'ono msinkhu. Chinali chikondwerero cha mabanja a Atchaina a ku Shinchi, ndipo mzinda unachikuza mu 1994 kuti alendo azibwera ngakhale m'miyezi yozizira. Sindichinyoza pa chifukwa chimenecho, pakuti nachonso chimakumbutsa zoona: ulendo wonyamula chifanizo cha Mazu, mulungu wamkazi woteteza apanyanja, umatsanzira zimene amalinyero a Atchaina ankachita akakocheza, kuchotsa mulungu wawo m'chombo kukamusungitsa kukachisi mpaka tsiku lobwerera.

Kukayamba kufunda, mu Epulo, anthu amakwera mapiri a Kazagashira ndi Tohakkei ndi makaiti. M'madera ambiri a Japan kaiti ndi tako, koma kuno ndi hata, yopanda mchira, kawirikawiri yofiira, yoyera ndi yabuluu, ndipo amati anabwera nayo ndi antchito ochokera ku zilumba za Indonesia amene Adatchi ankakhala nawo pa Dejima. Si masewera a ana okha, ndi nkhondo ya akuluakulu. Ulusi amaupaka magalasi osinja osakaniza ndi phala la mpunga, n'kuutcha biidoro, mawu ochokera ku Chipwitikizi otanthauza galasi. Makaiti awiri akakolana m'mwamba, aliyense amamasula ulusi wake kuti ucheke wa mnzake, ndipo wina ukaduka, phiri lonse limakuwa. Kaiti yoduka ilibe mwini, ndi ya amene waitola. Kumapeto kwa Julayi kumabwera Peiron, mpikisano wa mabwato aatali pafupifupi mamita 14, opalasa oposa 20 m'bwato limodzi, nkhafi zikutsatira ng'oma ndi chitsulo. Amati unayamba mu 1655, namondwe atamiza zombo za Atchaina padoko, otsala n'kubwereka mabwato kupikisana kuti apepese mulungu wa nyanja.

Kenaka Ogasiti. Mwezi umenewu uli ndi masiku awiri a akufa, otalikirana masiku asanu ndi limodzi okha, ndipo safanana ngakhale pang'ono.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mumzinda umene chilichonse chimalowa ndi ng'oma, ichi chokha chinafika anthu atauzidwa kale kuti ngozi ya ndege yachepa, ambiri atatuluka m'maenje obisalamo. Pa 9 Ogasiti 1945 ndege ya Amereka inanyamuka kukaponya bomba la atomiki ku Kokura, koma inapeza mzindawo utaphimbika ndi utsi ndi mitambo, n'kukhotera ku Nagasaki. Nakonso kunali mitambo. Mpata unatseguka pamwamba pa chigwa cha Urakami, ndipo nthawi ili 11:02 m'mawa bombalo linaphulika mamita pafupifupi 500 kuchokera pansi. Tchalitchi chija cha njerwa zofiira chinali pa mtunda wa theka la kilomita. M'katimo munali ansembe awiri ndi Akhristu amene anabwera kudzalapa pokonzekera chaka cha Maria cha pa 15 Ogasiti. Palibe anatuluka. Mwa Akatolika pafupifupi 12,000 a ku Urakami, anafa pafupifupi 8,500, adzukulu a anthu aja amene anasunga masiku. Pofika kumapeto kwa chakacho, akufa mumzinda wonse anali pafupifupi 74,000.

Tsiku limeneli ana amapita kusukulu ngakhale ali patchuthi. Nthawi ikakwana 11:02 mabelu ndi masailini zimalira, zombo padoko n'kuyankha, anthu n'kuima pomwe ali, mutu pansi, mphindi imodzi. Pa mwambo wa ku Peace Park, patsogolo pa chiboliboli chachikulu chimene Seibo Kitamura anaumba, choloza kumwamba ndi dzanja limodzi, amapereka maina a opulumuka amene amwalira m'chakacho. Amaperekanso madzi. Amawatunga m'malo osiyanasiyana a mumzindamo n'kuwathira m'ziwiya pamaso pa akufa, chifukwa anthu otenthedwa aja anafa akupempha madzi, ndipo ambiri mwa opulumuka anakalamba ndi chisoni choti sanawapatse. Madzulo Akatolika amatuluka m'tchalitchi cha Urakami, chimene anachimanganso mu 1959, atanyamula miuni ndi mutu wamtengo wa chifanizo cha Maria umene unapezeka m'phulusa, tsaya lopserera, m'maso muli mabowo okhaokha.

Pa 13 Ogasiti imayamba Obon, nyengo imene mizimu ya makolo imabwera kudzacheza kwawo. Kwina ku Japan ndi masiku a phee. Ku Nagasaki mabanja amakwera kumanda madzulo, m'zitunda zoyang'ana kunyanja, n'kuyatsa nyali patsogolo pa miyala yolembedwa ndi utoto wagolide. Manda ambiri ali ndi pokhala pamiyala. Amakhala pamenepo, kudya, kucheza, ana akuyatsa makombola pafupi ndi agogo awo ogona. Nachonso n'chizolowezi chimene amati anatengera kwa Atchaina.

Ndipo pa 15, mizimu iyenera kubwerera. Banja limene lataya munthu m'chakacho limamupangira chombo. Masabata angapo zisanafike, m'tinjira ndi m'magalaja mumamveka nyundo: nsungwi, matabwa, udzu, mawilo pansi. Kutsogolo kwa chombo amaika chinthu chonga lipenga lalikulu cholembedwa dzina la banja, m'mbali nyali zoyera m'mizere, pakati chithunzi cha malemu. Amaikaponso chimene iye ankakonda. Ngati anali msodzi pamakhala nsomba yapepala, ngati ankakonda mpira pamakhala mpira, moti woima m'mbali mwa msewu amadziwa kuti wapitayo anali munthu wotani. Zombo zina n'zazing'ono zonyamula m'manja, zina n'zolumikiza ziwiri kapena zitatu ngati sitima yapamtunda. Osauka ndi okhala okha sasiyidwa: dera limapanga chombo chimodzi cha onse, aliyense n'kubweretsa kamtolo kake ka zipatso ndi makeke kokulunga mumphasa yaudzu. Maliro n'kulirana.

Mwambowu ndi Shoro Nagashi. Nyimbo yachisoni ya dzina lomweli, imene Sada Masashi, mwana wa mumzindawu, anaimba mu 1974, inachititsa Ajapani ambiri kuganiza kuti ndi mwambo wa kachetechete, wa tinyali toyandama pamadzi. Amene amabwera ndi maganizo amenewo amathamangira m'sitolo kukagula zotseka m'makutu. Kuyambira madzulo mpaka usiku, zombo zimatsika m'zitunda zonse kulowera kudoko, patsogolo wina akuimba chitsulo, okoka akuyankha kuti "Doi doi!", mawu amene amati ndi pemphero la Chibuda lofupikitsidwa ndi malilime a anthu. Ndipo makombola! Sayatsa limodzilimodzi. Amayatsa katoni yathunthu pakati pa msewu, moto n'kulilima, utsi kuphimba nyumba, mapepala ofiira kudzaza msewu mpaka kubisa phula. Amati phokosolo limayeretsa njira kuti zoipa zisatsate mzimu. Ine ndimaona kuti limachitanso ntchito ina. M'phokoso lotere mwamuna wamkulu angathe kulira mokweza, kuitana dzina la mkazi wake, popanda womumva. Anamfedwa amayenda pambuyo pa chombo atavala zakuda kapena malaya ofanana a banja, ena akuseka, ena misozi ili chuchuchu, kawirikawiri munthu yemweyo.

Tsiku lomwelo m'matchalitchi muli Misa ya Maria, ndipo dziko lonse la Japan likukumbukira kutha kwa nkhondo imene inabweretsa bomba lija. Mabelu a tchalitchi, chitsulo cha Abuda ndi makombola a Atchaina zimamveka m'chigwa chimodzi.

Ulendo umathera ku Ohato, pomwe zombo za Apwitikizi zinkatsitsira katundu, pomwenso milungu itatu ya ku Suwa imadzagona masiku a Kunchi. Kale zombo za mizimu ankazikankhiradi m'nyanja, koma zimenezo zinaletsedwa mu 1871. Lero banja limafika pamalo olandirira, n'kuchotsa chithunzi cha malemu ndi nyali zingapo. Amagwiranitsa manja, kuwerama. Kenaka makina aakulu amatsitsa dzanja lake lachitsulo, chombo chimene anachimanga masabata atatu n'kuphwanyika iwo akuona. Amatembenuka, chithunzi chili pachifuwa, makutu akulira, n'kuyamba kukwera masitepe a kwawo. Mawa lake m'bandakucha osesa amakhala atachotsa mapepala ofiira aja. Madzulo ake, pabwalo la kachisi wina, amuna a dera limene chaka chino n'chawo amasonkhananso kukoka chombo chawo chopanda zokongoletsa, monga akhala akuchitira m'nyengo yonse yotentha chiyambire mwambo wotsegulira zokonzekera wa pa 1 Juni, kamnyamata kali pamwamba kakuphunzira ng'oma.